Matope a ku Minamata ndi mphaka nambala 400

Ife a ku Zambia tilibe nyanja ya mcele, koma matope timawadziwa. Mvula ikagwa mu Lusaka, tikaona mafuta akuda m'ngalande, sitifunika dokotala kuti atiuze kumene acokela. Timangotsata kumene kukucita kuda kwambili mpaka tifike pa galaji. Nzelu imeneyi ndi imene inagwila nchito ku Japan mu 1959, m'tauni ya asodzi ya Minamata.

Minamata ili pa cisumbu ca Kyushu, m'mbali mwa nyanja ya Shiranui. Kampani ya Chisso inali ndi fakitale kumeneko kuyambila 1908, ndipo mu 1932 inayamba kupanga mankhwala ochedwa acetaldehyde mogwilitsa nchito mercury, ija timaona mu thermometer. Madzi oipa a pa fakitale anali kutayidwa pa doko la Hyakken. Oyamba kudwala anali amphaka: anali kuzungulila, kugwa, ena n'kudziponya m'madzi. Akhwangwala anali kugwa ali m'mwamba. Pa 1 May 1956, Dr Hajime Hosokawa, mkulu wa cipatala ca kampaniyo, anauza a zaumoyo kuti kwabuka matenda osadziwika a ubongo. Ana anali kulephela kuyenda, kulankhula ndi kumeza. Poganiza kuti ndi matenda opatsilana, anthu anayamba kupewa mabanja a odwala.

Akatswili a pa Kumamoto University anazindikila caka comweco kuti poizoni ikubwela ndi nsomba. Koma poizoni yanji? Apa panavuta, cifukwa madzi a fakitale anali ndi zitsulo zambili: manganese, thallium, selenium ndi zina. Anayesa cimodzi-cimodzi kwa zaka zoposa ziwili.

Mu 1959 anakatapa matope a pansi pa nyanja m'malo osiyana-siyana. Pakamwa pa ngalande ya Hyakken anapeza makilogilamu 2 a mercury pa tani imodzi ya matope. Tangoganizani, anzathu a ku Copperbelt: matope amenewo anali oyenela kutsegulilapo mgodi, ndipo patsogolo pake Chisso inayambadi kucotsamo mercury n'kugulitsa. Cofunika kwambili cinali cakuti akamatalikila ngalandeyo kupita pakati pa nyanja, mercury inali kucepela-cepela. Madzi amapita, nsomba zimayenda, koma matope amakhala pamene agwela. Anali kuloza ku paipi imodzi.

Kampani nayonso inapeleka umboni mosadziwa. Mu September 1958 inasiya kutaya madzi ku Hyakken n'kuyamba kutayila mu mtsinje wa Minamata. Patapita miyezi, nsomba zinayamba kufa pakamwa pa mtsinjewo, ndipo odwala atsopano anapezeka m'midzi imene kale munalibe matendawa. Paipi itasamuka, matenda anasamuka nayo.

Ndiye panali mphaka. Dr Hosokawa anayamba kupatsa amphaka cakudya cothila madzi ocokela pamene anali kupangila acetaldehyde. Mu October 1959 mphaka nambala 400 anadwala ndendende monga anthu aja. Akulu-akulu a kampani atauzidwa, anamuletsa kupitiliza, ndipo nkhaniyo inabisidwa.

Conco pofika kumapeto kwa 1959 zonse zinali poyela. Koma boma la Japan linavomeleza kuti gwelo ndi Chisso pa 26 September 1968. Zaka 9 zimenezi ndiye zimatipweteka mtima. Ogwilizana ndi makampani anabweletsa nkhani zina: ena anati ndi mabomba amene asilikali anataya m'nyanja nkhondo itatha, wina anati ndi nsomba zowola. Mu November 1959 komiti ya unduna wa zaumoyo inanena kuti vuto ndi mercury, ndipo mawa lake komitiyo inathetsedwa. Mu December kampani inaonetsa makina oyeletsa madzi ochedwa Cyclator, bwana wake n'kumwa kapu ya madzi pamaso pa alendo. Madzi a acetaldehyde sanali kudutsa m'makinawo n'komwe.

Mfundo imodzi ya kampani inali yolimba ndithu. Inati mercury imene imagwilitsa nchito si mtundu umene ukupezeka m'nsomba, wochedwa methylmercury. Koma Pulofesa Katsuro Irukayama anaupeza mtundu womwewo m'zinyalala za mkati mwa fakitale, ndipo analengeza mu 1963. Ngakhale n'telo, kupanga acetaldehyde kunapitilila mpaka May 1968. Pakati apo, mu 1965, matenda omwewo anabukanso ku Niigata cifukwa ca fakitale ya kampani ina. Dr Hosokawa anaulula za mphaka 400 mu 1970 ali pa bedi m'cipatala, atatsala pang'ono kumwalila ndi khansa, ndipo mu 1973 khoti inagamula mokomela odwala.

Dzina la tauniyi lili pa pangano la maiko la 2013, Minamata Convention, limene Zambia inalivomeleza mu 2016. Limatikhudza cifukwa mercury ndi imene okumba golide ang'ono-ang'ono amakonda kugwilila golide, ndipo yotsala imathela m'matope a mitsinje.

Nanga matope a ku Minamata anapita kuti? Mercury siwola, ndiye panalibe koitaya. Kuyambila 1977 mpaka 1990 anakokolola matope onse amene anali ndi mercury yoposa 25 ppm, pafupi-fupi ma cubic metre 1.5 miliyoni, n'kuwaunjika mbali ya ku Hyakken kuseli kwa mpanda wa zitsulo. Ukonde waukulu umene unachinga nsomba za pamalopo kuyambila 1974 unacotsedwa mu 1997. Pamwamba pa matope aja anathilapo dothi labwino, mahekitala 58, ndipo lelo pali paki yochedwa Eco Park Minamata, yokhala ndi mabwalo a masewela ndi munda wa maluwa.