Mwana wa ku Makeni ndi Mbiri ya Makolo Ake

Yoo Gawa!

Pokonzekera ulendo wa ku Mkaika, ife Achewa okhala ku Makeni tinasonkhanitsa ana athu a m'sukulu za pulaimale ndi kuwafunsa mafunso awiri. Titafunsa tsiku limene Zambia analandira ufulu, onse anayankhira pamodzi ngati anachita kupangana: 24 Okutobala 1964, ndipo dzina la Dr Kenneth Kaunda silinavute ngakhale kwa wamng'ono wa onse. Koma titafunsa kuti, "Kwanu nkuti, nanga mfunda wanu ngwotani?" kunangoti zii. Mmodzi wolimba mtima anati kwawo ndi ku Makeni, pafupi ndi msewu wa ku Kafue. Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa manyazi, pakuti mwanayo sananame. Ananena zimene tinamuphunzitsa, ndipo zimene sitinamuphunzitse anazisiya.

Kuti timvetse m'mene tafikira pamenepa, tiyenera kubwerera m'mbuyo ndi kuona njira imene phunziro la mbiri layendamo pakati pathu.

Sukulu za choko zisanadze, makolo athu anali nayo sukulu yawo. Agogo ankaphunzitsa madzulo pamoto, anamkungwi kuchinamwali, akuluakulu kudambwe ndi pabwalo la milandu. Mwana ankakula akudziwa mbumba imene anabadwiramo, amalume amene ali nkhoswe yake, ndiponso kusiyana kwa a Phiri ndi a Banda. Ankamva za ulendo wa makolo kuchokera ku Uluba, za Kalonga ku Mankhamba kufupi ndi nyanja, za Makewana ku Msinja, ndi za Undi amene anapatuka nakamanga likulu lake ku Mano, m'dziko limene lero likutchedwa chigawo cha Tete. Mbiri imeneyi inalibe mayeso a papepala, koma wosaidziwa ankachita manyazi pamaliro ndi polonga ufumu.

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed atafika ku Magwero mu 1899 ndi ku Madzimoyo mu 1903, anatipatsa mphatso yaikulu ya kuwerenga ndi kulemba, ndipo sitidzaleka kuiyamika. Boma la atsamunda linakhazikitsa ofesi yoyang'anira maphunziro a anthu akuda mu 1925, bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924. Koma mbiri ya m'mabuku a nthawi imeneyo kawirikawiri inkayambira pa kufika kwa Azungu. Mwana ankaloweza za David Livingstone ndi Cecil Rhodes, pamene makolo ake ankaoneka ngati anthu ongopezedwa panjira. M'nyengo yomweyo pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linali litadula kale ufumu wa Undi, ndipo mwambo wa Kulamba unaletsedwa mu 1934. Mwa ochepa amene anaimitsa madzi osefukirawa tikumbukira Samuel Josia Ntara, amene buku lake la Mbiri ya Achewa linatuluka ku Nkhoma m'zaka za m'ma 1940, litalembedwa m'chilankhulo chathu kuchokera pakamwa pa akuluakulu.

Ufulu utadza, boma latsopano linali ndi ntchito yomanga mtundu umodzi kuchokera m'mitundu 73. Nchifukwa chake ana anaphunzitsidwa mbendera, nyimbo ya fuko ndi mayina a omenyera ufulu, ndipo kuyambira mu 1966 lamulo linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Cholinga chinali chabwino, ndipo mtendere umene takhala nawo ndi chipatso chake china. Komabe mtengo wake unalipo: mwana ankalowa m'kalasi atasiya pakhomo lilime la amayi ake, pamodzi ndi zonse zimene lilimelo linanyamula. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 1996 inatsegula khomo loti mwana ayambe kuwerenga m'chilankhulo chimene akuchidziwa, ndipo mu 2014 sukulu za boma zinayamba kuphunzitsa Giredi 1 mpaka 4 m'zilankhulo za m'dziko muno, Chinyanja chili cha Lusaka ndi Kum'mawa. Koma chilankhulo ndi dengu chabe. Chofunika ndi chimene taikamo.

Aphunzitsi sitikuwaloza chala. M'kalasi imodzi ya ku Makeni mumakhala Mtonga, Mbemba, Mlozi, Msoli ndi Mchewa, ndipo phunziro la Social Studies silingapatse mtundu uliwonse masamba ochuluka. Chimene tikukana ndi ganizo loti mbiri ya mtundu ndi mbiri ya dziko nzopikisana, ngati kuti mwana wodziwa Undi adzaiwala Zambia. Zoona zake nzakuti ina imamasulira inzake. Mwana sangamvetse chifukwa chake azakhali ake a kutsidya kwa chipata cha Mwami kapena cha Chanida ali nzika za dziko lina, pamene amalankhula ndi kuvina monga iye, ngati sanamve za ufumu umene unalipo malire asanalembedwe. Sangamvetsenso chimene chinasonkhanitsa atsogoleri atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, pa Kulamba wa mu 2007.

Ndiponso asatinamize wina kuti zimenezi ndi nthano zopanda umboni. Mpwitikizi António Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa pa ulendo wa kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, analemba zimene anaona ndi maso ake. Harry Langworthy anafufuza mbiri ya ufumu wa Undi kufikira 1890, nalemba kafukufuku wake mu 1969. Bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu mu 2005 kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Zimene alendo anaziyesa zoyenera kulemba, ife tizibisirenji ana athu?

Ife a mumzinda tili ndi mwayi umene a kumudzi alibe, pakuti Lusaka yense ndi kalasi. Kuchokera ku Makeni ndi ulendo waufupi kufika ku Kabwata, kumene kudakali nyumba zozungulira zaudzu zimene atsamunda anamangira antchito akuda. M'nyumba zonga zimenezo munagona ena mwa agogo athu amene anaoloka Luangwa kudzafuna ntchito, likulu litasamuka ku Livingstone mu 1935, ndipo iwo ndi anzawo a Kum'mawa ndiwo anathandiza kufesa Chinyanja chimene mzinda uno umalankhula. Patsogolo pang'ono pali nyumba nambala 394 ya ku Chilenje, imene Dr Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya Lusaka National Museum inatsegulidwa mu 1996. Mwana woyenda m'malo amenewa atagwira dzanja la agogo ake amaona kuti mbiri ya banja lake ndi mbiri ya Zambia zinalukidwa ngati mphasa imodzi. Tisaiwalenso kumuuza kuti nthaka imene tikukhalapoyi eni ake ndi Asoli ndi Alenje, ndi kuti Mfumu Nkomeshya iyenera ulemu umene timapereka kwa mafumu athu. Wodziwa kwawo ndiye amadziwa kulemekeza kwa eni.

Choncho pempho lathu likupita koyamba kwa ife makolo. Mwana aliyense asanamalize pulaimale adziwe mfunda wake, mudzi wa amayi ake ndi mfumu ya dera lake. Adziwe kuti Kalonga ndi wolonga mafumu, Gawa ndi wogawa dziko, Undi ndi wofungatira anthu ake. Aphunzitsi tikuwapempha kuti aziitana okalamba a mitundu yonse kudzalankhula m'kalasi, asanapite ndi zimene akudziwa. Ndipo pokwera basi ya ku Katete mwezi wa Ogasiti, tisasiye ana kuti azilonda nyumba.

Kalonga Gawa Undi X ataukitsa Kulamba mu 1984, patapita zaka 50 ng'oma zili chete, anatha kutero chifukwa analipo okalamba amene anaphunzira mwambowu ali ana. Ana amene anatiyankha ku Makeni aja ndiwo adzafunsidwe mawa. Kuongola mtengo mpoyamba.

Yoo Gawa!