Liu la Cizungu lakuti "abuse": tanthauzo lake ndi kagwilitsidwe nchito kake

Liu lakuti "abuse" timalimva pa wailesi, timaliona pa zikwangwani ku kiliniki ndi ku polisi, ndipo ana athu amabwela nalo kucokela kusukulu. Ambili a ife timangoti litanthauza kumenya. Tanthauzo limenelo n'locepa, ndipo licititsa kuti ena amene akuzunzika asadziwe kuti lamulo likunena za iwo.

Kumene linacokela

Liuli linacokela ku liu la Cilatini lakuti "abuti", limene litanthauza kugwilitsila nchito cinthu molakwika. Pa Cizungu limalembedwa cimodzimodzi likakhala mneni kapena dzina, koma kachulidwe kasiyana. Likakhala mneni, kumapeto kumamveka z, ngati "abyuz". Likakhala dzina, kumamveka s, ngati "abyus".

Mmene anthu amaligwilitsila nchito

Coyamba, ndi kuzunza kapena kucitila nkhanza munthu. Wina akati "He abuses his wife", akutanthauza kuti mwamunayo amazunza mkazi wake. Caciwili, ndi kutukwana kapena kunyoza munthu ndi mau. Cacitatu, ndi kugwilitsila nchito molakwika cinthu kapena udindo. "Drug abuse" ndi kumwa kapena kusuta mankhwala osokoneza bongo, ndipo "abuse of office" ndi kudyela pa udindo.

Liuli lisiyana ndi lakuti "hurt", kupweteka. Mungapweteke mnzanu mwangozi pomuponda phazi mu basi. Koma "abuse" nthawi zambili imacokela kwa munthu amene ali ndi mphamvu pa mnzake, kapena amene mnzakeyo amam'dalila: mwamuna kapena mkazi wa m'nyumba, kholo, mphunzitsi, bwana, ngakhale mtsogoleli wa mpingo.

Zimene lamulo likunena

Lamulo la dziko lathu la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 limachula nkhanza za mitundu yosiyanasiyana. Pali nkhanza ya pathupi, monga kumenya. Pali ya kugonana, monga kukakamiza munthu kugona naye kapena kum'gwila mosayenela. Pali ya mau ndi ya m'maganizo, monga kutukwana, kuopseza ndi kucititsa munthu manyazi mobwelezabweleza. Palinso ya pa cuma, monga kumana banja ndalama zofunika popanda cifukwa, kuletsa munthu kugwila nchito, kapena kum'landa katundu amene ali ndi gawo pa iye. Conco mlongo amene sanamenyedwepo, koma amalandidwa ndalama zonse za malonda ake ndi kutukwanidwa tsiku lililonse, liuli likum'khudza. Amuna naonso amazunzidwa, ngakhale kuti ambili amacita manyazi kuulula.

Ife monga mpingo

Timaphunzitsa kupilila ndi kukhululuka, ndipo tidzapitiliza. Koma kupilila sikutanthauza kukhala cete pamene munthu akuonongedwa. Pa Akolose 3:19 ndi 21, Paulo aletsa amuna kuwawila mtima akazi ao, ndipo aletsanso atate kuputa ana ao mpaka kuwatayitsa mtima. Tipempha abusa, akulu a mpingo, alangizi ndi amai a cigwilizano kuti wina akabwela ndi dandaulo, asathamangile kunena kuti "ndi za m'nyumba". Amumvetsele, am'funse ngati ali pangozi, ndipo nkhani yokhudza mwana asaithetsele pa bwalo la mpingo cabe.

Kumene mungapeze thandizo

Ku polisi kuli cigawo ca Victim Support Unit, cimene cimaona milandu yotele. Wovulazidwa kapena wogwililidwa apite kucipatala mwamsanga, cifukwa mankhwala oteteza ku HIV afunika kuyambidwa pasanathe maola 72. Mungaimbenso foni kwaulele pa 116 ngati nkhani ikhudza mwana, kapena pa 933 ngati ikhudza munthu wamkulu.