Khofi wa pa Mbaula: Mbiri ya Kapu Yathu

M'mawa ku Mandevu, ketulo ikakwera pa mbaula, ambirife timadziwa kuti kukubwera tiyi ndi chitumbuwa. Tsiku lomwe tafuna khofi, timathamangira pa kantemba kukagula kapaketi ka ufa wosungunuka. Tinakula tikuganiza kuti khofi ndi ameneyo basi. Koma tengani chitini cha Ricoffy muwerenge zolembedwa pambali. Mupeza kuti khofi wake anamusakaniza ndi chicory, muzu wa chomera china umene amaukazinga ndi kuupera. Nanga zinayenda bwanji kuti ife, anthu a m'dziko lolima khofi, tizimwa muzu wochokera kunja?

Kwawo kwa khofi ndi ku Ethiopia. Pofika zaka za m'ma 1400 anali akumwedwa ku Yemen, ndipo doko la Mocha ndilo linamutumiza kumaiko akutali. M'chigawo chathu chino anafika mochedwa. Mu 1878 amishoni a ku Scotland anabweretsa mbande ku Blantyre kuchokera ku Edinburgh, ndipo m'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye anali mbewu yaikulu imene Nyasaland inkagulitsa kunja. Koma chitadutsa chaka cha 1900 mitengo inagwa chifukwa Brazil inadzaza msika, chilala ndi tizilombo zinaononga minda, ndipo azungu a minda anatembenukira ku fodya ndi tiyi. Atsamunda a ku Britain anali anthu a tiyi, choncho m'makhitchini mwawo agogo athu anaphunzira tiyi, osati khofi.

Kuno ku Zambia khofi anayamba kulimidwa mwamphamvu mkuwa utatikhumudwitsa. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, boma la Kenneth Kaunda linafuna mbewu zobweretsa ndalama zakunja, ndipo ndi thandizo la World Bank minda ikuluikulu inatsegulidwa kufupi ndi Kasama. Lero Kateshi ku Kasama ndi Isanya ku Mbala ili m'manja mwa kampani ya Olam, imene inagula mindayi mu 2012, ndipo ku Mazabuka kumachokera khofi wa Munali. Ndi Arabica wabwino, koma wambiri amatuluka m'dziko ali wosakazinga. Anadzalidwa kuti abweretse madola, osati kuti afike pa tebulo la m'komboni. M'zaka zomwezo makolo athu anali kuima pamizere kufuna shuga ndi saladi. Khofi sanali nkhani.

Chimene chinatifikira ife ndi ufa wosungunuka. Nescafé inatuluka ku Switzerland mu 1938, pamene Brazil inali kusowa kotaya khofi wochuluka. Chicory nayo ili ndi mbiri ya kusowa: inafala ku France Napoleon atatseka malonda ndi Britain mu 1806, khofi atasowa m'masitolo. Msika wathu utatseguka pambuyo pa 1991, ndipo Shoprite italowa mu 1995, zitini zochokera ku South Africa zinadzaza mashelufu, kenaka tumapaketi tinafika mpaka pa kantemba.

Tsopano achinyamata tayamba kuona makina onyezimira pa TikTok ndi m'malo omwera khofi ku Manda Hill, ndipo ena tikuganiza kuti popanda makina palibe khofi weniweni. Mbiri ikunena zina. Njira zina zotchuka zinabadwa pothetsa vuto la m'nyumba mwa munthu. Melitta Bentz, mayi wa ku Dresden, anatopa ndi nseche za khofi m'kapu, ndipo mu 1908 anaboola kachitini naikamo pepala la mwana wake la kusukulu. Sefa ya pepala inayamba choncho. Kapoto ka Moka ka Alfonso Bialetti kanatuluka ku Italy mu 1933 kuti anthu wamba aphike khofi wamphamvu pa moto wa kunyumba. Ndipo ku Ethiopia mpaka lero amakazinga khofi pa makala ndi kumuphika mu jebena, mphika wa dothi.

Vuto lathu ife tikulidziwa. Mu 2024 chilala chinatsitsa madzi ku Kariba, ndipo tinakhala maola ambiri tsiku lililonse popanda malaiti. Makina a magetsi m'chaka chotere ndi chokongoletsera chabe. Mapepala osefera ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi. Kapoto ka Moka kamagwira pa mbaula, koma moto wa malasha ukakula kamapsereza khofi n'kusungunula chogwirira.

Ndiye ife tasankha poto ndi sefa ya tiyi, zimene zili kale m'nyumba. Gulani khofi wa kuno wopera mokhakhala, osati wosalala ngati ufa. Wiritsani madzi, muphule poto. Apa Lusaka imatikomera: tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, choncho madzi athu amawira pa madigiri pafupifupi 96, kutentha kumene khofi amafuna. Simufunika kudikira kuti azizire monga amachitira a kunyanja yamchere. Thirani masipuni aakulu awiri pa kapu iliyonse, takasani, vundikirani, mudikire mphindi 4, kenaka sefani. Musamubwezere pa moto, chifukwa khofi wowiritsidwa amawawa. Lawani kaye musanathire shuga.

Paketi ya khofi wotere ndi yodula kuposa kapaketi ka pa kantemba, sitikukana. Koma anthu atatu mukasonkherana, mugawane m'mabotolo otseka bwino, kapu imodzi siikhala yolemetsa. Patha zaka zoposa 40 khofi wa ku Kasama akudutsa pa msewu kupita kwa ena. Tikhoza kumuimitsa pang'ono pa mbaula yathu.