Kutsata Chakudya M'thupi: Mbiri ya Kujambula ndi Cheza

Munthu wa pa Chitakale akayamba kulephera kumeza nsima, kenako phala, azaumoyo amafuna kudziwa pomwe chakudya chikuima. Njira imodzi yofufuzira zimenezi inayambira pa nyemba. Mu 1923, George de Hevesy anaika mbewuzi m'madzi okhala ndi mtovu wotulutsa cheza, n'kutsatira momwe mtovuwo unkayendera kuchoka kumizu kufika kumasamba. Anaonetsa kuti chinthu chingatsatidwe m'kati mwa chamoyo.

Mu 1938, Emilio Segrè ndi Glenn Seaborg anapeza technetium-99m, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 Hal Anger anapanga kamera yojambula cheza chotere. Lero wodwala amadya dzira losakaniza ndi mankhwalawa, kamera n'kumaonetsa liwiro lomwe chakudya chikutulukira m'chifu. Mankhwala omwewa amathandiza kupeza pomwe matumbo akutaya magazi ndiponso kuona ngati njira ya ndulu yatsekeka.

Chovuta ndi nthawi. Mphamvu ya technetium-99m imatsika ndi theka pa maola 6 aliwonse, ndipo molybdenum-99 yomwe amaitengako imapangidwa m'malo ochepa, monga Pelindaba ku South Africa. Malawi analowa m'bungwe la IAEA mu 2006, lamulo loyang'anira mphamvu ya nyukiliya n'kubwera mu 2011, komabe kujambula kotereku sikuchitika m'zipatala za m'maboma.

Khansa ya kummero ndi yofala m'dziko muno. Choncho ku Mulanje, chida choyamba chikadali funso la wazaumoyo: "Kodi mukumeza bwanji?" Wovutika kumeza atumizidwe msanga kuchipatala, kuti akamuunike ndi kachubu ka kamera ku Queen Elizabeth ku Blantyre madzi asanayambe kumukanika.