Liwiro la M'thengo, Ndarama ndi Mbiri ya Yotam Muleya

 Tsiku la mpikisano wa liwiro likayandikira, mkangano wace umayamba othamanga asanabvule n'komwe malaya. Ena amalosera kuti uje ndiye adzapambana. Ena amati mpikisano wotere ulibe cilungamo, popeza mnyamata wa kalabu ya asilikari kapena ya kampani, amene nchito yace ndiyo kuthamanga, aimikidwa pa mzera umodzi ndi mnzace amene wakhala mlungu wonse akusenza matumba pa msika wa Soweto. Mkangano umenewu uli ndi zaka zoposa 150, ndipo dziko lathu lino liri ndi mbali yace m'mbiri yaceyo. Tiyeni tiuyambe kumene unayambira.

Masewera othamanga m'thengo, m'madambo ndi m'mapiri anayamba ku England ngati kusewera kwa ana a sukulu. Anali kuwacha kalulu ndi agaru. Anyamata awiri, ndiwo akalulu, anali kutsogola akumwaza tizidutswa ta mapepala m'njira, ndipo anzao, ndiwo agaru, anali kuwalondola pambuyo. M'caka ca 1868 amuna ena a mu London anapanga kalabu yoyamba ya masewerawa, dzina lace Thames Hare and Hounds. Mu 1876 anayesa kucita mpikisano woyamba wa dziko lonse la England, koma othamanga onse anasocera m'nkhalango, ndipo mpikisanowo unafafanizidwa. Mpikisano weniweni unacitika caka cotsatira.

Kawerengedwe ka mpikisano wa makalabu nkofunika kukamvetsa, pakuti mkangano wonse wagona pamenepo. Munthu wofika poyamba apatsidwa 1, waciwiri 2, wa makumi awiri 20, kufikira womariza. Pambuyo pace amaphatikiza manambala a anthu oyamba kufika a kalabu iri yonse, kawirikawiri anthu 6, ndipo kalabu imene nambala yace yacepa ndiyo yapambana. Cifukwa cace kalabu siipambana ndi ngwazi imodzi yokha. Mutu umodzi susenza denga. Kalabu imene iri ndi ndarama zodyetsera anyamata 6 amphamvu ndi kuwapatsa nthawi yokonzekera iri kale patsogolo pa kalabu ya anthu odzithandiza okha.

Akuluakulu a masewera a ku England anagawa othamanga m'magulu awiri. Wothamanga mwa cikondi cabe, wosalandira malipiro, anamucha amateur. Wothamangira ndarama anamucha professional. Koma tamverani m'mene lamulo linaliri m'zaka za m'ma 1860. Bungwe la Amateur Athletic Club linalemba kuti makaniki, mmisiri ndi munthu wa nchito ya manja sangawerengedwe ngati amateur, ngakhale sanalandirepo kobiri limodzi pa masewera. Cifukwa cimene anali kupereka ndico cakuti nchito ya manja ilimbitsa thupi, motero mmisiri akhoza kupambana mwana wa munthu wolemera mosayenera. Tsono taonani, liu lakuti cilungamo analigwiritsa nchito pochinga amphawi. Bungwe latsopano la Amateur Athletic Association, lopangidwa ku Oxford mu 1880, linacotsa mau amenewa, koma linasunga lamulo loletsa ndarama.

Lamulo limeneli linali lopepuka kwa munthu wa cuma, koma linali mtolo kwa wosauka, amene ayenera kulipira sitima ndi kutaya malipiro a tsiku limene sanagwire nchito. Alfred Shrubb, mnyamata womanga nyumba wa ku Sussex, anapambana mpikisano wa m'thengo wa England zaka zinai zotsatana, kuyambira 1901 kufikira 1904, napambananso mpikisano woyamba wa maiko, umene unacitikira ku Scotland mu 1903. Mu 1905 anamcotsa m'gulu la amateur pa mlandu wa ndarama za ulendo. Pofuna kupeza cakudya, munthu wamkuruyu anayamba kuthamanga kwa malipiro, nthawi zina kupikisana ndi akavalo kuti anthu aonerere. Jim Thorpe wa ku America analandidwa mu 1913 mamendulo ace awiri a golidi a masewera a Olympic a 1912, cifukwa anali atalandirapo ndarama pang'ono pa masewera ena a mpira. Mamendulowo anabwezedwa kwa ana ace iye atamwalira kale. Paavo Nurmi wa ku Finland, amene anapambana liwiro la m'thengo pa Olympic mu 1920 ndi mu 1924, analetsedwa kuthamanga ku Los Angeles mu 1932 pa mlandu wonga womwewo.

Tsopano tibwere kwathu. M'masiku a citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinakhala kuyambira 1953 kufikira 1963, mpanda waukuru pa masewera unali wa khungu. Azungu anali ndi makalabu ao ndi mabwalo ao. Anthu akuda anali kuthamanga pa masukulu, pa masiku a masewera a asilikari ndi apolisi, ndi pa mabwalo amene makampani a migodi anamanga ku Nkana, Nchanga, Mufulira ndi Luanshya. Magulu awiriwa sanali kukomana pa mzera umodzi, motero panalibe njira yodziwira amene ali ndi liwiro loposa mnzace.

Mu 1958 pa sukulu ya nchito za manja ya Hodgson, imene lero ichedwa David Kaunda Technical, kufupi ndi Chilenje ndi Libala, panali mnyamata wa Citonga dzina lace Yotam Muleya, wocokera ku Mudukula m'dziko la Choma. Iye anali kuphunzira umakaniki wa magalimoto, nchito yomweyo imene lamulo lakale la ku England linaichula poyamba pokana anthu. Kumapeto kwa caka cimeneco kunabwera ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, ngwazi ya ku England, Gordon Pirie. Munthuyu anali atapambana mpikisano wa m'thengo wa England katatu, mu 1953, 1954 ndi 1955. Mu 1956 anaposa anthu onse a pa dziko lapansi pa mamita 5,000, natenganso mendulo ya siliva pa Olympic ku Melbourne. Kalabu yace inali South London Harriers, kalabu yomweyo ya Shrubb.

Pamene anzace a Muleya anafuna kuti iye akathamange ndi Pirie, mkulu wa bungwe la masewera a amateur la Southern Rhodesia, William DuBois, anakana, nalankhula mau onyoza anthu akuda amene sayenera kubwerezedwa pa wailesi. Mau amenewa anamveka m'manyuzipepala kufikira kunja kwa dziko, ndipo anacititsa manyazi Azungu ena omwe. Potsiriza Muleya analoledwa.

Mwa olosera, ndani akanachula dzina la mwana wa sukulu pamaso pa munthu wodziwika pa dziko lonse? Kulosera kwao kunali ndi maziko: Pirie anali ndi mbiri, nsapato za minga, ndi zaka zambiri za kukonzekera. Koma pa 6 December 1958 bwalo linali la matope. Muleya anathamanga mamailosi 3 wopanda nsapato, namariza pa mphindi 14 ndi masekondi 48.5, atamsiya Pirie pambuyo ngati mayadi 100. Tisanene mopitirira muyeso: nthawi imeneyi inali kutari ndi nthawi zoposa zimene Pirie anathamangapo ku Europe, ndipo Salisbury ndi malo okwera, kumene mlendo wocokera ku nyanja amaperewera mpweya. Komabe mpikisano uweruzidwa pa tsiku lace ndi pa bwalo lace, ndipo tsiku limenelo anthu zikwi anaona ndi maso ao kuti mpanda wa khungu unali kubisa liwiro la anthu. Kuyambira pamenepo cinali cobvuta kuukira kumbuyo mpandawo.

Cimwemwe cimeneci sicinakhalitse. Mu November 1959 Muleya anapita ku America pamodzi ndi wothamanga wina wa Cizungu, John Winter, kukaphunzira za masewera pa koleji ya Central Michigan. Atakhalako masiku owerengeka cabe, pa 23 November, galimoto imene anakweramo inagundana ndi inzace, ndipo Muleya anamwalira asanakwanitse zaka 20. Lero mseu umene upita pa sukulu yace yakale uchedwa Yotam Muleya, ndipo mu Lusaka muli sukulu ya ana ya dzina lomweli. Pirie nayenso, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anasiya gulu la amateur nayamba kuthamangira ndarama poyera.

Mpanda wa khungu utagwa, funso la ndarama linatsala, koma mu Africa linabvala cobvala cina. Abebe Bikila wa ku Ethiopia, amene anapambana marathon ya ku Rome mu 1960 wopanda nsapato, anali msilikari wolonda mfumu. Kipchoge Keino wa ku Kenya, ngwazi ya ku Mexico mu 1968, anali wapolisi. Pa pepala anthuwa anali amateur, popeza malipiro ao anali a usilikari ndi upolisi. Koma nchitozo zinali kuwapatsa cakudya, pogona ndi nthawi yokonzekera. Kuno ku Zambia migodi, asilikari ndi apolisi anacita cimodzimodzi posunga makalabu a masewera. Ena anati ici ncinyengo. Koma tifunse moona mtima: popanda njira imeneyi, mwana wa mlimi kapena wa munthu wa mu mgodi akanapeza kuti mphamvu yothamangira mamailosi ambiri tsiku ndi tsiku?

Potsiriza akuluakulu a masewera anabvomera. Mu 1982 bungwe la maiko la IAAF linalola othamanga kulandira ndarama mwa njira yoyang'aniridwa, ndipo mu 2001 linacotsa liu lakuti amateur m'dzina lace. Amuna a ku Kenya, ambiri mwa iwo a m'makalabu a asilikari, apolisi ndi a ndende, anapambana mpikisano wa m'thengo wa dziko lapansi zaka 18 zotsatana, kuyambira 1986 kufikira 2003. Ife tinakondwera ndi Samuel Matete, mwana wa ku Chingola, amene anakhala ngwazi ya dziko lapansi ku Tokyo mu 1991 pa liwiro lolumpha mipanda la mamita 400, ndi Muzala Samukonga, amene anatenga mendulo ya malo acitatu ku Paris mu 2024. Koma kugulitsidwa kwa migodi ya ZCCM, kumene kunatha m'caka ca 2000, kunafoketsa makalabu ambiri a ku Copperbelt, ndipo anyamata ambiri anatsala opanda wowasamalira.

Mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti kuletsa ndarama sikunadzetse cilungamo, popeza kunapweteka osauka koposa olemera. Kucotsa ngwazi pa mpikisano wa makalabu kukanakhala kumanganso mpanda wina, ndipo mwana wa m'komboni sakanakhalanso ndi mwai woyesa mapazi ace pa munthu womposa, monga anacitira Muleya. Njira yabwino ndiyo yakuti onse ayambire pa mzera umodzi, koma okonza mpikisano aike mphatso ya padera ya makalabu a anthu odzithandiza okha, ya ana a sukulu, ya akazi ndi ya acikulire, kuti munthu wogwira nchito ina asabwerere kwao wopanda ciyembekezo. Ndipo inu eni makampani ndi masitoro a mu Lusaka ndi ku migodi, nsapato ndi ndarama ya ulendo ya anyamata 6 sizingakusaukitseni, koma zikhoza kuimika kalabu ya pa komboni panu pa mzera woyambira.