Mitengo imene inadutsa pa mlatho wa Kafue

Munthu akaima pafupi ndi mlatho wa msewu wa pa Kafue dzuwa likupendeka, amaona chuma cha Zambia chikuyenda pa matayala. Kumadutsa mathanki a mafuta ochokera ku Chirundu, malole a kopa olowera kum'mwera, mabasi a ku Livingstone. Pakati pa zonsezi imatulukira lole yopendama ndi matumba a makala, kukamwa kwake kolukidwa ndi timitengo ndi luzi, kenaka ina yosenza matabwa ofiira omangidwa ndi malamba. Pansi pa mlathowo msodzi akupalasa bwato lake mwakachetechete, ndipo bwatolo nalonso linali mtengo tsiku lina.

Tawuni ya Kafue, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, sitchuka ndi matabwa. Mukafunsa munthu wa kuno za mbiri ya kwawo, ayamba ndi feteleza wa ku Nitrogen, nsalu za ku Kafue Textiles, fakitale ya zitsulo ndi nsomba za ku Chanyanya. Koma kwa zaka zoposa 100 mitengo ya dziko lino yakhala ikuwoloka mtsinje pompano, ina pa njanji, ina pa msewu. Wofuna kumvetsa mmene Zambia yadyera nkhalango zake angayambire pa doko limeneli.

Njanji ndi chiswe

Kafue inabadwa ndi njanji. Mlatho wa pa mathithi a Victoria Falls utatha mu 1905, omanga njanji a kampani ya George Pauling anathamangira kumpoto, kulinga ku mgodi wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe. Mu 1906 anamanga mlatho wa njanji pa Kafue, wa zigawo 13, wotalika mamita 427, ndipo panthawiyo panalibe wina wouposa pa njanji yonse ya Rhodesia. Pafupi ndi mlathowo panamera siteshoni, pafupi ndi siteshoni panamera masitolo.

Njanji sigona pa dothi lokha. Imagona pa mitanda imene anthu a ntchitoyi amaitcha masilipa, ndipo kilomita iliyonse imafuna masilipa oposa 1,000. M'dziko la chiswe, thabwa wamba loikidwa pansi silichedwa kusanduka chakudya. Mtengo umene unakana chiswe unapezeka m'nkhalango za pa mchenga kumadzulo kwa Livingstone, m'dziko la Alozi. Dzina lake ndi mukusi, wofiira ngati magazi ouma, wolemera kwambiri ndiponso wolimba moti umabunthitsa sowo.

Kampani ya Zambezi Sawmills, imene inakhazikika ku Livingstone m'zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, inayamba ndi mitengo ya m'mbali mwa Zambezi. Ng'ombe zinkakoka zipika mpaka kumtsinje, kumene ankazikweza m'mabwato aakulu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 mitengo yapafupi inali itatha, choncho kampaniyo inayala njanji yakeyake ya makilomita oposa 160 kukafika ku Mulobezi, kenaka n'kumatambasula tinjanji tina kulowa m'katikati mwa nkhalango. Inali imodzi mwa mafakitale oyamba enieni a Northern Rhodesia, dzina la Zambia panthawiyo, ndipo inalemba ntchito anthu ochuluka, odula, ocheka, oyendetsa ng'ombe ndi osonkhezera moto m'sitima. Mukusi unakayalidwa pansi pa njanji za Rhodesia ndi South Africa, wina unasanduka timatabwa toyala pansi m'nyumba za azungu.

Chimene kampaniyo sinathe kuchita ndi kubwezera mtengo pamene inadula. Mukusi umakula pang'onopang'ono, kotero kuti wodzala saona thabwa lake. Mitengo ikuluikulu ikachoka, pansi pamadzadza zitsamba zowirira zimene Alozi amati mutemwa, ndipo moto wa m'chilimwe ukalowamo umapsereza timitengo tonse tating'ono. Lero shedi ya sitima za Zambezi Sawmills ku Livingstone ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale za njanji, ndipo alendo amajambulitsa pafupi ndi injini zakuda zimene zinkakoka mukusi.

Migodi inadya nkhuni

Ulendo wachiwiri wodula mitengo mwaunyinji unabwera ndi kopa. Migodi ya Roan Antelope ku Luanshya, Nkana ku Kitwe, Mufulira ndi Nchanga itatsegulidwa m'zaka za m'ma 1930, inkafuna mitengo yochirikiza makonde a pansi pa nthaka kuti asagwere anthu. Inkafunanso moto. Malasha amiyala ankachokera ku Wankie, lero Hwange, ndipo sitima iliyonse yowanyamula inkagunda pa mlatho wa Kafue popita kumpoto. Nkhondo yachiwiri itatha, njanji imodzi ija inalephera kunyamula malasha okwanira, ndiye migodi inatembenukira ku nkhalango. Magulu a anthu a nkhwangwa anagwetsa misuku, mitondo ndi mibanga m'madera aakulu a Copperbelt kuti ng'anjo ndi makina a magetsi asazime. Zinthu zinapepukako magetsi ena atayamba kufika, makamaka a ku Kariba mu 1960.

Apa mpamene akatswiri a za nkhalango anaona kuti mitengo yachilengedwe singayende liwiro la migodi. Anayamba kuyesa mitengo yakunja yokula msanga, paini ndi bulugamu.

Nthawi imene dziko linadzala

Zambia italandira ufulu pa 24 October 1964, boma la Kenneth Kaunda linkafuna kuti dziko lisamadalire katundu wodzera kum'mwera, makamaka Ian Smith wa ku Rhodesia atalengeza ufulu wa dziko lake mokakamiza mu November 1965. Matabwa a paini omangira nyumba ankagulidwa kunja. Mu 1968 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapereka ngongole yokulitsira minda ya mitengo ku Copperbelt, ndipo m'chaka chomwecho, pa mfundo za ku Mulungushi, boma linayamba kutenga magawo aakulu m'makampani, kuphatikizapo Zambezi Sawmills.

Minda ya paini ndi bulugamu inafalikira ku Ndola, Chati, Ichimpe ndi Lamba mpaka kufika mahekitala pafupifupi 50,000. Owerenga a ku Malawi aganize za Chikangawa, pakuti kukula kwake n'kofanana ndipo maganizo odzala anali a nyengo imodzi. Mu 1982 mindayi inaikidwa m'manja mwa kampani ya boma ya ZAFFICO, imene likulu lake lili ku Ndola, ndipo mu 2020 kampaniyi inayamba kugulitsa masheya pa msika wa Lusaka. Mpaka lero, thabwa loyera limene mmisiri amakhomerapo malata ku Lusaka kapena ku Kafue nthawi zambiri limachokera m'minda imeneyi. Mapolo a bulugamu onyikidwa m'mankhwala akuda, amene amanyamula mawaya a kampani ya magetsi ya ZESCO, nawonso amachokera m'minda yodzala.

Zaka zoyambirira za ufulu zomwezo ndi zimene Kafue inasanduka tawuni ya mafakitale. Bungwe la boma la Indeco linamanga nyumba za Kafue Estates, fakitale ya nsalu inayamba kuomba, ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa mu 1970, ndipo kumunsi kwa mtsinje, ku Kafue Gorge, makina a magetsi anayamba kuzungulira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anthu anabwera kuchokera ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama. Nyumba iliyonse inkafuna chitseko, bedi ndi tebulo, ndipo akalipentala anapeza msika.

Koma paini amafuna zaka 25 kapena kuposerapo kuti achekedwe thabwa labwino, ndipo wodula chaka chino ayenera kudzala chaka chomwechi. Chuma chitavuta m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, kudzala kunatsalira kumbuyo kwa kudula. Mpata umenewo ukumveka lero m'mitengo ya matabwa pamsika. ZAFFICO yayamba minda yatsopano ku Kawambwa ndi ku Shiwang'andu, komabe mtengo suufulumiza ndi chikwapu.

Fakitale ikatseka, nkhwangwa imatuluka

Kugulitsa makampani a boma kumene kunayamba boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 kunaigwedeza Kafue kwambiri. Fakitale ya nsalu inafooka mpaka kutseka, ya feteleza inatsala ikupuma movutikira. Bambo amene anazolowera malipiro a pamwezi anayenera kupeza pogwira. Ena analowa m'madzi ndi ukonde, ena anagula njinga n'kuyamba kutsika ndi matumba a makala kuchokera kumapiri ozungulira tawuniyi, ena anagula sowo ndi landa.

Lowani m'makomboni monga Zambia Compound kapena Shikoswe m'mawa, mudzamva nyundo musanaone shedi. Pansi pali utuchi wofika m'kakolo. Mnyamata wophunzira ntchito akupala thabwa, mbuye wake ali ndi pensulo kukhutu, akuyeza felemu ya chitseko. Mmisiri wotere safuna chikalata kuti adziwe mtengo, amangonyamula thabwa n'kulinunkhiza. Paini ndi wopepuka, wa fungo la utomoni, woyenera denga ndi mashelefu. Mukwa, umene ku Malawi timati mlombwa, ndi wa chitseko cha kumaso ndi mipando ya pabalaza. Thabwa limodzilo ladyetsa kale anthu angapo lisanafike pa benchi yake: wodula, wocheka, wokweza, dalaivala, ndi mayi wogulitsa pa msika monga wa Buseko ku Lusaka. Ambiri mwa anthu amenewa sali m'kaundula wa boma aliyense. Kafukufuku amene bungwe la United Nations loona za chilengedwe linatulutsa mu 2015 anapeza kuti nkhalango zimapereka pafupifupi 4.7 peresenti ya chuma cha Zambia, ndi kuti anthu oposa 1 miliyoni amapezamo ntchito.

Mukula

Ulendo wachitatu unali waufupi koma waukali. Kuyambira cha m'ma 2010, ogula a ku China anayamba kufunafuna mukula, mtengo wofiira umene amapangira mipando yodula kwambiri. Anyamata a m'midzi ya ku Luapula, Muchinga ndi madera ena ankagwetsa mitengo ya zaka makumi ambiri n'kulandira ndalama zochepa pa chipika, pamene chipika chomwecho chikafika kutsidya la nyanja chinkagulidwa mtengo wochuluka kambirimbiri. Boma linaletsa, n'kutsegula, n'kuletsanso, ndipo mu 2017 linaimitsa kutumiza kunja zipika zosacheka. Malole ambiri anagwidwa, ndipo ZAFFICO inapatsidwa ntchito yogulitsa mukula wolandidwawo, nkhani imene inabutsa mikangano yaikulu m'nyuzipepala ndi m'nyumba ya malamulo.

Mu August 2019, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Geneva, mukula unaikidwa pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake a kunja ayenera kukhala ndi chilolezo chapadera. Dziko limene linabweretsa pempholi ndi Malawi. Mu 2022, ku Panama, chitetezo chomwecho chinafikira mlombwa, msambamfumu ndi mbawa. Mukusi unachoka ngati masilipa, mukula unachoka ngati zipika, ndipo maulendo onse awiri ntchito yonona, yopanga katundu womalizidwa, inakachitikira kwina.

Mtsinje umawerengera

Mtsinje wa Kafue umayambira kumpoto, pafupi ndi malire a Congo, n'kudutsa m'dera lomwelo limene migodi inadulamo nkhuni. Nkhalango za kumeneko zimagwira mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono. Madzi amenewo ndi amene amapopedwa pa Iolanda, pafupi ndi tawuni ya Kafue, kupita m'mipopi ya Lusaka. Ndi omwewo amene amazungulitsa makina a ku Kafue Gorge, kumene siteshoni yachiwiri ya mamegawati 750 inamalizidwa mu 2023. Ziwerengero zimene boma lakhala likutchula zimati dziko limataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango chaka chilichonse, makamaka chifukwa chotsegula minda ndi kuwotcha makala.

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachitcha tsoka la dziko lonse pa 29 February, chinaonetsa mmene zinthuzi zalumikizirana. Madzi atachepa m'madamu, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Magetsi akazima, mbaula imayaka, ndipo thumba la makala, amene kuno amati malasha, limakwera mtengo. Mtengo ukakwera, nkhwangwa zimachuluka m'nkhalango zomwe zija zimene zimasunga madzi. Mu April chaka chomwecho boma linaimitsa zilolezo zowotchera makala ku Itezhi-Tezhi, Mumbwa ndi Shibuyunji, maboma amene onse ali m'chigwa cha Kafue. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola midzi kulembetsa nkhalango zawo n'kumaziyang'anira okha, ndipo magulu otere akuchuluka, ngakhale kuti munthu wa njala amaona thumba la lero kuposa mtengo wa mawa.

Njanji nayo inasiya kudalira mukusi. Masilipa ambiri atsopano ndi a simenti, ndipo ku Kafue komweku kwakhala fakitale yowaumba. Akale aja akazulidwa, amisiri amawalimbirana. Amawacheka movutikira, sowo ikulira, n'kupanga matebulo olemera oti amuna anayi anyamule, ndipo mabowo a mabawuti amawasiya dala kuti wogula aone kumene thabwalo lachokera. Mtengo wodulidwa ku Mulobezi Zambia isanakhale Zambia, umene unasenza sitima za malasha ndi kopa kwa zaka makumi angapo, ukuyamba ntchito yachiwiri m'chipinda chodyera, chiswe chisanaulawe. Nyengo yodzala mitengo ku Zambia imatsegulidwa pa 15 December, mvula itakhazikika, ndipo mbande zimene zimagawidwa kwambiri ndi za paini, bulugamu ndi zipatso. Za mukusi sizioneka kawirikawiri.