Wansembe Amene Kanema Anamuiwala

M'chaka cha 1965 kunatuluka kanema wa nyimbo wotchedwa The Sound of Music. Ku America ndi ku Britain mabanja anadzaza nyumba za kanema, ena nabwerezabwereza kuonera, ndipo kanemayo analandira mphotho 5 za Oscar. Koma ku Salzburg, m'dziko la Austria, kumene nkhaniyo inachitikira, ambiri sanamlabadire. Nanga eni mudzi anakhaliranji chete pamene alendo analikuomba m'manja?

Gwero la nkhaniyi ndi buku limene Maria von Trapp anatulutsa mu 1949. Mayiyu analikukonzekera usisitere ku Nonnberg, koma mu 1927 anakwatiwa ndi Georg von Trapp. M'kanema banjalo likuthawa ulamuliro wa Hitler poyenda pansi m'mapiri kulinga ku Switzerland. Zoona zake n'zakuti mu 1938 anakwera sitima yapamtunda kupita ku Italy. Eni mudzi akudziwa kuti kuseri kwa mapiriwo kuli Germany.

Chotidandaulitsa koposa ndi ichi: Bambo Franz Wasner, wansembe amene anatsogolera kuyimba kwa banjalo zaka pafupifupi 20, napita pambuyo pake ku Fiji kukagwira ntchito yaumishoni, m'kanemamo mulibe. Malo ao anapatsidwa kwa munthu wopeka, Max Detweiler, wokonda ndalama.

Sitikukana kukoma kwa nyimbozo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikamaonera pamodzi ndi ana athu mbiri yosanduka sewero, tiwaphunzitse kufunsa kuti wasiyidwa ndani, pakuti kawirikawiri wogwira ntchito ya Mulungu mwakachetechete ndiye amayamba kufafanizidwa.